Mwala wa m'shawa: umachokera kuti, ndipo umasungunuka ndi chiyani?

Aliyense amene anasambapo pa Dedza m'mwezi wa June akudziwa kuti kubafa si kochezera. Tawuniyi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, chisanu chotsika m'phiri chimalowa mpaka m'mafupa, ndipo munthu ukavula umangofuna madzi otentha akukhuthukire msanga uthaweko. Ndiye shawa iyambe mwano nthawi ngati imeneyo. Timabowo tina tangoti zii, tina tikuthira madzi kukhoma, kamodzi kakukulasa m'diso, pakati pakungodontha ngati denga la udzu lothonya.

Yathu inafika pamenepo. Kunyumba timamwa madzi a dilawo lathu, pampu imawakweza m'thanki, kenako amatsika okha kulowa m'nyumba. Ine mlandu ndinaupereka kwa pampu, ndipo ndinali nditayamba kale kuwerengera ndalama zogulira ina. Pulambala amene ndinamuitana sanapite n'kuthanki komwe. Analowa kubafa, anamasula mutu wa shawa, n'kutsegula mpopi. Madzi anatuluka m'paipi mwamphamvu mpaka kunyowetsa chitseko.

"Bambo, pampu yanu ilibe mlandu. Taonani kuno," anatero akundipatsa mutu uja.

M'kati mwake munali nkhanambo yoyera, yolimba, yokhakhala ngati khoma lopaka njereza. Nditaikanda ndi chikhadabo inangoseka. Imeneyo ndiyo nkhani yathu, chifukwa anthu ambiri a ku Dedza ndi ku Ntcheu amene aika mashawa m'nyumba za madzi a pansi akulimbana nayo, ndipo ambiri akulimbana nayo ndi singano.

Mwala ukuyenda m'madzi

Nkhanamboyo ndi mwala weniweni. Akatswiri amautchula calcium carbonate, ndipo ndi chinthu chomwecho chimene chimapanga chikamba cha dzira, chigoba cha nkhono, ndi miyala imene anthu a ku Balaka amaotcha popanga laimu. Funso n'lakuti mwala ungadutse bwanji m'paipi osaoneka.

Madzi a mvula akamagwa amakhala opanda mwala. Koma potsika amatenga mpweya wa carbon dioxide, womwe uja umachita thovu mukatsegula botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi. Akalowa m'nthaka amatenganso wina wambiri, wochokera ku mizu ndi ku zinyalala zowola. Mpweyawu ukasakanikirana ndi madzi umapanga asidi wofooka kwambiri, woti lilime silingamumve, koma wokwanira kunyambita miyala pang'onopang'ono. Madzi akakhala pansi zaka zambiri akuyenda m'ming'alu ya miyala, amasungunula zinthu za m'miyalamo zotchedwa kashiamu (calcium) ndi maginiziyamu n'kuzinyamula monga momwe tiyi amanyamulira shuga. Mukatunga amaoneka oyera bwino. Ngakhale muwasefe pansalu yothina chotani, simugwira kanthu.

N'chifukwa chake madzi amasiyana malinga ndi kumene adutsa. Kamtsinje kotsetsereka msanga pathanthwe la m'phiri sikakhala ndi nthawi yonyambita mwala. Madzi a mjigo wa kuchigwa, monga kumunsi kwa Golomoti kapena ku Bwanje, akhoza kukhala atagona pansi nthawi yaitali. Komabe musaweruze ndi dera lokha, chifukwa mijigo iwiri ya m'mudzi umodzi imatha kusiyana, wina n'kumatchedwa wa madzi okoma, wina wa madzi amchere. Dzina loti amcherelo timangolitchula, koma si nthawi zonse pamene mumakhala mchere wa m'ndiwo. Nthawi zambiri chimene amayi akudandaula akamati madzi awa akudya sopo, nyemba sizikupsa, tiyi akuchita kanthu koyandama pamwamba, ndi kashiamu ndi maginiziyamu yemweyu. Sopo akakumana ndi kashiamu amaundana n'kukhala zonyangalala zija zimamatirira m'beseni, ndipo thovu limayamba pokhapokha kashiamu yense atadya gawo lake.

Kuchuluka kwa mwalawu amakuyeza m'mamiligalamu pa lita imodzi. Muyezo wofala, umene bungwe la World Health Organization limautchulanso, umati madzi osafika 60 ndi ofewa, a pakati pa 60 ndi 120 ndi apakatikati, a 120 mpaka 180 ndi a mwala wambiri, ndipo opitirira 180 ndi a mwala wochuluka zedi. Bungwe lomweli limanena kuti akapitirira 200 m'pamene nkhanambo imayamba kuvuta m'mapaipi ndi m'zotenthetsera madzi. Nambala zimenezi zimaoneka zazing'ono mpaka mutaziwerengera. Tiyerekeze kuti madzi anu ali pa 200, ndipo banja lonse limasamba malita 100 patsiku. Ndiye kuti tsiku lililonse magalamu 20 a mwala akudutsa m'mutu wa shawa, pachaka makilogalamu opitirira 7. Wambiri umapita ndi madzi kudzenje. Koma kachigawo kochepa kokha kakatsalira, n'kokwanira kutseka timabowo tomwe kukula kwake sikuposa nsonga ya bolopeni.

Chimene chimaubweza kukhala mwala

Zinthu ziwiri ndizo zimatulutsa mwala m'madzi: kutentha ndi kuuma.

Paja ndi mpweya uja umene unausungunula, ndipo ndi womwewo umene ukuugwira kuti usakhazikike. Madzi akatentha mpweya umathawa, mwala n'kutsala wopanda wougwira. Apa pali chodabwitsa. Tinazolowera kuti shuga ndi mchere zimasungunuka bwino m'madzi otentha, koma mwala uwu khalidwe lake n'losemphana: madzi akamatentha m'pamene umakana kusungunuka. Suzumirani m'ketulo yanu, muona kuti zoyerazo zachulukira pansi, pamene pamatentha kwambiri. M'geyser, thanki yotenthetsera madzi osamba, zimachitikanso chimodzimodzi, makamaka madzi akamapitirira madigiri 60. Mwala umakuta chitsulo chotenthetsera madzi chija, kutentha kumavutika kutuluka, chitsulocho chimapsa msanga. Tizibenthu tina timasweka n'kuyenda ndi madzi, ndipo ulendo wake umathera pa timabowo ta shawa. Amene ali ndi geyser ya dzuwa adziwe kuti m'miyezi ya October ndi November madzi a m'menemo amatentha koopsa, ndipo ndi nthawi imene mwala umapangika kwambiri.

Kuuma nakonso kumagwira ntchito yake mwakachetechete. Mukatseka mpopi, pa bowo lililonse pamatsala kadontho. Kadonthoko kamauma, madzi apita kumwamba, mwala watsala. Mawa kadontho kena kauma pamwamba pa ka dzulo. Poti pamalopo pakhakhala kale, mwala watsopano umapeza pogwira, ndiye kukula kwake kumafulumira. N'chifukwa chake ngakhale shawa ya madzi ozizira okha imatsekeka, kungoti imachedwerapo.

Pali masamu ena aang'ono amene amafotokoza chifukwa chimene vutoli limaoneka ngati labwera mwadzidzidzi. Bowo lotambalala milimita imodzi likachita nkhanambo ya kota ya milimita kuzungulira konse, m'kamwa mwake mumatsala theka la milimita. Munthu angaganize kuti njira ya madzi yachepa ndi theka. Ayi, yatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Ndiye miyezi yoyamba simuona kusintha, kenako m'masabata ochepa shawa yafa. Kwa ife a mathanki zimaonekera msanga, chifukwa madzi athu alibe mphamvu yambiri. Pamafunika thanki yokwera mamita 10 pamwamba pa shawa kuti mupeze mphamvu imene apulambala amaitchula kuti bar imodzi, pamene mathanki ambiri a m'makomo amaposa mutu wa shawa ndi mamita awiri kapena atatu okha.

Musanathire mankhwala, dziwani matenda

Si chilichonse chotseka shawa chimene chili mwala wa kashiamu, ndipo apa ndi pamene anthu amataya viniga pachabe. Masulani mutuwo, mugogode pachikhatho. Mukagwa mchenga kapena dothi, vuto lili kudilawo kapena m'thanki yosatsukidwa, ndipo mankhwala ake ndi kutsuka thanki ndi kuika sefa panjira. Zofiirira ngati katondo ndi chitsulo, mwina cha m'madzi momwemo, mwina dzimbiri la mapaipi akale. Madzi a mijigo yambiri ali nacho, ndipo chikangopitirira mamiligalamu 0.3 pa lita chimayamba kuthimbiriritsa zovala ndi sinki. Zoterera zakuda kapena zobiriwira ndi ndere ndi tizilombo, zimene zimakonda thanki yolowa dzuwa.

Zikakhala zoyera ndi zolimba, kandaniko kachibenthu, muike m'sosala, mufinyirepo ndimu. Kakayamba kuchita thovu n'kumalira kuti sii, mwaupeza mwala wathu. Thovulo ndi mpweya uja ukuthawa. Mungayesenso madzi enieniwo: tengani mabotolo awiri ofanana, lina muthire madzi a mvula, lina a pampopi, mupalire tizidutswa tofanana ta sopo wamtanda, mutseke n'kukhutchumula. La mvula lidzaza thovu, linalo lingochita mbuu ngati madzi otsukira mpunga. Sopo waufa sayenera pa mayeso amenewa, chifukwa anapangidwa kuti azichita thovu ngakhale m'madzi a mwala.

Kusungunula

Ine ndinalakwa ndisanadziwe zonsezi. Shawa itangoyamba kuvuta ndinkaitokosa ndi singano ya mayi a kunyumba, kenako ndi kamsomali. Inkatseguka sabata imodzi. Chimene ndinkachita ndi kukankhira mwala m'kati, kumene unkadikira madzi kuti aubwezere pabowo, komanso kukulitsa ndi kukhakhalitsa timabowo ta pulasitiki moti madzi anayamba kutuluka mokhota. Singano nayo inathyokera momwemo, ndipo mlandu wake unatenga masiku.

Poti ndi asidi amene anabweretsa mwala, ndi asidinso amene amauchotsa. Wa m'khitchini ndi wokwanira. Viniga woyera wa m'sitolo amakhala ndi asidi pafupifupi magawo 5 pa 100 alionse, ndipo madzi a mandimu ali ndi mphamvu yofananako. Lita imodzi ya viniga wotere ingathe kusungunula mwala wolemera pafupifupi magalamu 40, umene ndi wambiri kuposa umene umapezeka m'mutu umodzi wa shawa. Choncho palibe chifukwa chogulira chigubu.

Pomasula, kulungani kansalu pamene sipanala igwire kuti musakande, ndipo dzanja lina ligwire paipi yotuluka m'khoma kuti isapotoke. Paipi imeneyo ikathyokera m'kati ndiye kuti mugumula khoma. M'khosi mwa mutuwo muli kamphira kozungulira, ndipo mwa ina muli kasefa ka waya. Zitulutseni, musunge pabwino, chifukwa kamphirako kakatayika shawa izidzadontha m'khosi mpaka mutapeza kena. Mutu uli kunja choncho, tsegulani mpopi kwa kanthawi kuti paipi ilavule zimene yasunga.

Sakanizani viniga ndi madzi ofunda muyezo wofanana m'kabakuli ka pulasitiki, mumize mutuwo timabowo titaloza m'mwamba kuti mpweya uzituluka ndipo viniga alowe m'kati monse. Madzi akhale ofunda chabe, poti owira amapinda pulasitiki. Posachedwa muona tithovu tikukwera. Nkhanambo yopyapyala imatha pa theka la ola kapena ola limodzi. Yokhuthala imafuna maola angapo, ndipo thovu likaleka mwala udakalipo, ndiye kuti asidi watha mphamvu, thirani wina. Mitu yopakidwa mtundu wakuda kapena wagolide, ndi ya mkuwa, isapitirire mphindi 30, chifukwa asidi amadya utotowo. Ngakhale yonyezimira wamba ija, ambiri mwa iyo ndi pulasitiki yokutidwa ndi kachitsulo kopyapyala, ndipo kuigoneka m'viniga usiku wonse mwezi ndi mwezi kumaisupula. Ine ndimakonda kumiza kawiri kwa nthawi yochepa kusiyana ndi kamodzi kwa usiku wathunthu.

Mukavuula, tsukani ndi mswachi wakale. Mwala umakhala utafewa ngati phala, ndipo bowo limene likukanabe mulitokose ndi kamtengo kosongola, osati chitsulo. Tsukuluzani kwambiri, kulowetsa madzi mbali zonse ziwiri, bwezerani kasefa ndi kamphira, kulungani tepi woyera wa apulambala pamazinga a paipi, n'kumanga ndi dzanja. Sipanala ingomalizitsa pang'ono.

Mutu ukakana kumasuka, musaukakamize. Thirani viniga m'jumbo yosabooka, muivalike kumutu kwa shawa kuti timabowo timire, mumange ndi mphira ya chubu cha njinga. Imaoneka ngati mbuzi yomangidwa pakamwa koma imagwira ntchito. Kuipa kwake n'kwakuti simufika pa kasefa ka m'khosi.

Nyengo ya mandimu, pamene pa Lizulu ndi m'misika ina aunjikidwa milumilu, palibe chifukwa chofunira viniga. Finyani okwanira kapu imodzi, musefe bwino pansalu, chifukwa nthangala ndi zamkati zake zikalowa m'timabowo mwachotsa vuto n'kuikapo lina. Ufa wa citric acid umene ophika makeke ndi opanga zakumwa amagula nawonso ndi wabwino, masipuni akuluakulu awiri pa lita ya madzi ofunda, ndipo ulibe fungo la viniga.

Zimene simuyenera kuyesa

Pali malangizo amene amayenda kwambiri oti musakanize viniga ndi soda. Thovu lake limasangalatsa maso, munthu n'kumaona ngati ntchito ikugwirika. Koma soda, yemwe uja timathira m'therere, ndi mdani wa asidi. Thovulo ndi umboni woti awiriwo akuphana, ndipo chotsala ndi madzi opanda mano. Chidulo ndi phulusa zili mbali yomweyo ya soda, sizisungunula mwala.

Choopsa zedi ndi kusakaniza viniga kapena mandimu ndi Jik, kapena mankhwala alionse a klorini. Pamatuluka mpweya wa poizoni umene umaotcha maso ndi mapapo, ndipo mabafa athu ambiri ali ndi kawindo kamodzi kakang'ono. Ngati mukufuna kupha tizilombo ndi klorini, chitani zimenezo padera, mutatsukuluza asidi yense.

Mnzanga wina analangizidwa ndi wokonza galimoto kuti athire asidi wa m'batire. Asidi ameneyo akakumana ndi mwalawu amapanga mwala wina umene susungunuka, n'kukuta wakalewo, kwinaku akuboola zovala ndi kuotcha khungu. Asidi wamphamvu amene amisiri amatsukira simenti pamatailosi amasungunuladi mwala, koma amatenga ndi kunyezimira kwa shawa komwe. Ndipo ngakhale viniga wathu wofatsayu, akatayikira pansi pa simenti kapena m'mizere ya pakati pa matailosi, tsukanipo msanga, chifukwa simenti nayo ndi mbale wake wa laimu.

Amene muli ndi shawa zamagetsi, zotenthetsera madzi m'mutu momwemo, nkhani yanu ndi ina. Mwala umapangika msanga m'menemo chifukwa waya wotentha uli pomwepo, ndipo timabowo tikatsekeka madzi amachepa, n'kumatentha mopitirira mpaka waya kupsa. Koma mutu wotero saumiza m'madzi. Zimitsani magetsi pa main switch, mumasule chivundikiro cha pansi chokha, cha timabowo chija, ndicho mumize. Mukabwezera, tsegulani madzi ayende kaye musanayatse magetsi, kuti waya usayake pouma. Za m'kati musiyire wodziwa zamagetsi.

Ubweranso

Mwala udzabweranso, poti dilawo ndi lomwe lija. Chimene mungathe ndi kuuchedwetsa. Womaliza kusamba apukute kunsi kwa shawa ndi kansalu, ndipo ngati ndi ya m'manja ija, aikutumule n'kuisiya yolendewera kuti madzi atsike. Pogula mutu watsopano, sankhani wa timabowo ta mphira tofewa: mwala sugwira bwino pamphira, mukangotikita ndi chala umasweka n'kugwa.

Kutsitsa kutentha kwa geyser kumathandiza, koma pali malire. Tizilombo totchedwa Legionella, timene tinadziwika mu 1976 titadwalitsa anthu ambiri pamsonkhano wina mumzinda wa Philadelphia ku America, timaswana m'madzi ofunda a pakati pa madigiri 20 ndi 45, timabisala bwino m'nkhanambo ndi m'ndere, ndipo timalowa m'mapapo kudzera m'nthunzi ya timadontho ngati ya shawa. N'chifukwa chake amalangiza kusunga madzi a m'geyser pa madigiri 60. Pamenepo m'pamene ndinaika yathu: kupitirira apo mukuweta mwala, kutsika kwambiri mukuweta tizilombo. Shawa ya kuchipinda cha alendo imene imakhala miyezi osatsegulidwa, muziitsegulako madzi ayende alendowo asanafike.

Sefa wamba wa pa paipi amagwira mchenga ndi dzimbiri, koma mwala wosungunuka umadutsa. Klorini amapha tizilombo, mwala saukhudza. Makina amene amauchotsadi ndi aja okhala ndi timikanda tapadera timene timagwira kashiamu n'kutulutsa sodium, yemwe amapezeka mu mchere wa m'ndiwo, m'malo mwake, ndipo timikandato timafuna kutsukidwa ndi madzi a mchere nthawi ndi nthawi. Kwa mwini malo ogona alendo amene ali ndi mashawa khumi ndi mageyser angapo, ndalama yake ikhoza kubwerera. Kwa banja la shawa imodzi, ine ndimaona kuti botolo la viniga likukwanira. Njira ina imene tili nayo pafupi ndi denga la malata: madzi a mvula alibe mwala, ndipo kuyambira December mpaka March amangotayika. Amene wawakolola m'thanki n'kumasambira amapumitsa shawa ndi sopo yemwe.

Ena akaona nkhanambo m'ketulo amachita mantha kuti m'mimba mwawo mukupangikanso zomwezo. Kashiamu ndi maginiziyamu ndi zinthu zimene thupi limafuna, zomwe timazipezanso m'usipa ndi m'masamba, ndipo World Health Organization sinaike malire a zaumoyo pa kuchuluka kwa mwalawu m'madzi akumwa. Chimene ambiri amadandaula ndi khungu kuuma ndi tsitsi kulimba, chifukwa cha zonyangalala za sopo zotsalira pathupi. Koma shawa kapena ketulo sizingakuuzeni ngati madzi a dilawo ali abwino kumwa. Zimenezo zimafuna kuwayezetsa ku labotale, ndipo a ofesi ya zamadzi paboma angakulozereni kopita nawo.

Kwathu tsopano ketulo ndiyo imatiuza nthawi. Pansi pake pakayamba kuyera, ndimadziwa kuti kubafa nakonso zayamba, ndiye Loweruka limenelo ndimamiza mutu wa shawa, ndipo viniga yemweyo, poti amakhala adakali ndi mphamvu, ndimamukhuthulira m'ketulo. M'dzinja, pamene tikusambira madzi a padenga, pamatha miyezi itatu. M'chilimwe sipatha masabata asanu ndi limodzi.